Ndere Sizingalowe M'malo mwa Kapenta

Akonzi,

Nkhani yanu yotamanda ndere kuti ndiyo yothetsa kunyentchera yandipweteka mtima. Inde, ufa wa spirulina uli ndi mapuloteni pafupifupi 60 peresenti, ndipo Akanembu a ku Chad akhala akudya ndere imeneyi kuyambira kalekale. Koma sipuni imodzi imapatsa munthu magalamu 4 okha a mapuloteni, ndipo vitamini B12 wake thupi silimugwiritsa ntchito kwenikweni.

Choopsa n'chakuti simunachenjeze. Dzulo ndinapeza mdzukulu wanga akutapa ndere ndi chitini m'ngalande kuno ku Makeni, ati wamva kuti n'chakudya. Madzi akuda amene amafalitsa kolera aja!

Tilembereni za kapenta wa ku Siavonga, nyemba ndi chibwabwa chotendera, zimene amayi angathe kugula pamsika wa Soweto.

Agogo odandaula,
Makeni, Lusaka