Zithunzi za banja zisamagone m'foni cabe

Pakagwa maliro kuno ku Lundazi, funso pa gulu la WhatsApp la banja limakhala limodzimodzi: "Ndani ali ndi cithunzi cabwino ca agogo?" Comwe cimapezeka ndi kacithunzi ka mbuu, cifukwa WhatsApp imafinya zithunzi kuti zicepe. Ceniceni cinapita ndi foni yomwe inabedwa kapena kugwera m'madzi. Timajambula kuposa makolo athu onse, koma iwo anali ndi alubamu m'sutikesi pansi pa bedi. Ife tilibe.

Wina adzati, "Nanga Google ndi ya ciani?" Ilipo, inde. Koma malo aulere ndi 15 GB cabe, ogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira pa 1 June 2021 cithunzi ciliconse catsopano cimadya pamalo omwewo. Mavidiyo a ukwati umodzi ndi a Kulamba ku Mkaika, kwadzaza. Akaunti ikakhala zaka 2 osatsegulidwa, Google ingaifafanize. Ndiye palinso bando ya Airtel kapena MTN yokwezera zonsezo.

Tikuti banja lililonse likhale ndi nkhokwe yake panyumba. Makina a Synology ndi abwino kwa amene ali ndi ndalama, koma si ofunika poyamba. Laputopu yakale, hard disk ya 1 TB ndi rauta n'zokwanira. Ikani pulogalamu yaulere ya Syncthing pa laputopu ndi pa mafoni a Android. Foni ikangolowa pa Wi-Fi ya panyumba, zithunzi zimasamuka zokha. Zimayenda kucoka pa foni kupita pa laputopu kudzera pa rauta, osadya bando.

Tasankha laputopu dala. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atacepa ku Kariba, mmene malaiti anali kuzimira. Hard disk imadana ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi ili pakati polemba, pomwe laputopu ili ndi batire yake, ngakhale yotopa.

Nkhokwe imodzi siikwanira. Wakuba, moto kapena mphezi zingatenge laputopu ndi disk usiku umodzi. Disk yaciwiri izikhala kwa mlongo wathu ku Chipata kapena ku Lusaka, tizikopera zatsopano akabwera pa Khisimasi. Pasiwedi aziidziwa anthu awiri, osati mnyamata mmodzi "wodziwa makompyuta" amene mawa adzapita ku Johannesburg. Ndipo tisankhe foda yoti izipita kunkhokwe, cifukwa si ciliconse ca m'foni mwathu coyenera kuonedwa ndi amalume.

Nchito yotsala siifuna waya. Tijambulenso zithunzi zakale za m'sutikesi zija, tikhale pamkeka ndi agogo akali moyo, atiuze m'Citumbuka kapena m'Cicewa kuti uyu ndani, wa mudzi uti, caka citi. Tilembe zimenezo pa dzina la fayilo, m'malo mwa IMG_2041.