Ndani Akuyeza Madzi a ku Kayelekera?

Mu Ogasiti 2025 mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwanso, utakhala chitsekere kuyambira mu 2014. Kunali nthungululu, akuluakulu akutamanda ndalama zakunja, ntchito ndi chitukuko. Langa funso ndi limodzi, ndipo ndikulifunsa ndili kuno kwa Kachindamoto: amene akuyeza madzi, fumbi ndi matupi a ogwira ntchito kumeneko ndani, ndipo zimene akupeza wazipachika pati?

Musandiuze zoti Karonga ndi kutali. Madzi ochokera kumgodiko amagwera mumtsinje wa Sere, Sere amathira mu North Rukuru, North Rukuru n'kudzathira m'nyanja yomweyi imene asodzi a ku Mtakataka amakokamo usipa. Nyanja yathu ili ndi potulukira pamodzi pokha, Shire, ndipo madzi ake ambiri safika n'komwe pamenepo, amangouma ndi dzuwa. Cholowamo sichituluka msanga. Sindikunena kuti usipa umene uli pathandala lero uli ndi poizoni, ayi. Nyanja ndi yaikulu, ndipo woopseza anthu popanda umboni ndi wabodza chimodzimodzi wobisa umboni. Ndikunena kuti eni nyanja tili ndi ufulu woona manambala.

Taonani mmene zinthu zinayendera. Boma linasainirana pangano ndi kampani ya Paladin ya ku Australia mu 2007. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira mgodi mu Epulo 2009. Lamulo loyang'anira zinthu zotulutsa cheza choopsa, Atomic Energy Act, linabwera mu 2011, mgodi utakumba kale zaka ziwiri. Bungwe la AERA, loti liziona kuti lamulolo likutsatidwa, linadzayamba ntchito mgodi utatseka kale. Kodi limeneli ndi dziko lofuna kuteteza anthu ake? Ndipo tisanamizane kuti a Paladin anabwera kuno chifukwa chotikonda. Mkulu wa Paladin panthawiyo, John Borshoff, ananena poyera mu 2006 kuti Australia ndi Canada zanyanya kusamala za chilengedwe, tsogolo la yureniyamu lili ku Africa. Anatiuziratu, ife n'kumuombera m'manja.

Zotsatira zake zinalembedwa. Mu 2009 moto unapha ogwira ntchito pamgodipo. Mu Febuluwale 2014 galimoto yonyamula yureniyamu inagubuduzika pamsewu wa ku Karonga, katundu wina n'kutayikira pansi. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inaononga thanki yosungira madzi oipa, ndipo kampani inati otayikira kunja kwa mpanda sangapose malita 50. Chaka chomwecho anayamba kuthira mu Sere madzi amene ankati awayeretsa. Mwina analidi malita 50. Mwina madziwo analidi oyera. Koma wotiuza anali yani? Mwini mgodi yemwe.

Mlimi aliyense wa mpunga wa ku sikimu ya Bwanje akudziwa chimene chimachitika venda akabwera ndi sikelo yake, n'kuyeza yekha, n'kuwerenga yekha, n'kulipira yekha. Pa thumba la mpunga timachita phokoso mpaka a Malawi Bureau of Standards abwere. Nanga pa mapapo a munthu tikukhaliranji chete?

Pakuti kuopsa kwa yureniyamu sikuoneka ndi maso, sikununkha, sikuyabwa. Mwala ukaphwanyidwa umatulutsa mpweya wotchedwa radon, umene ukapumidwa zaka zambiri umayambitsa khansa ya m'mapapo. Anthu a mtundu wa Navajo ku America anakumba yureniyamu popanda wowachenjeza, matenda n'kudzawapeza patapita zaka makumi, makampani atalongedza kale. Yureniyamu ikachuluka m'madzi akumwa imaononga impso, n'chifukwa chake bungwe la WHO linaika malire a mamaikulogalamu 30 pa lita. Wogwira ntchito sayenera kulandira cheza choposa mamilisiveti 20 pachaka, munthu wamba milisiveti imodzi yokha. Manambala amenewa si achinsinsi. Chinsinsi n'chakuti mnyamata wa ku Kayelekera, amene anavala kabaji koyezera cheza pachifuwa zaka zisanu, walandira zingati. Kodi ali nalo pepala lake m'manja? Akadzayamba kutsokomola mu 2040, adzalitenga kuti?

Mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena za migodi ya ku Karonga, ndipo dandaulo lalikulu linali lomweli: anthu okhala pafupi ndi migodi sauzidwa zotsatira za kuyeza madzi ndi nthaka. Kumapeto kwa chaka chomwecho anthu asanu ndi atatu a ku Tanzania, amene anabwera kudzaphunzira za mgodiwu poti kwawonso kuli yureniyamu, anakathera m'chitokosi miyezi ingapo. Wofunsa ndiye amamangidwa!

Koma chondiwawa kwambiri ndi matope otsalira. Akachotsa yureniyamu m'mwala, cheza chambiri chimatsalira m'matopemo, m'damu la pamwamba pa phiri, m'dera la mvula yamphamvu ndi zivomezi. A ku Karonga sanaiwale zivomezi za mu Disembala 2009. Radium imene ili m'matopewo imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ichepe ndi theka lokha. Yerekezani ndi Mishoni ya Mua, imene timaiona ngati yakalekale, koma inangoyamba mu 1902. Paladin inakumba zaka zisanu, mtengo wa yureniyamu utagwa pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima inaimitsa ntchito, mu 2020 n'kugulitsa mgodi kwa Lotus Resources. Chikole chokonzera malowo chinali madola 10 miliyoni. Dziko la Germany laononga mayuro oposa 6 biliyoni kukonza migodi ya yureniyamu ya Wismut. Inde, Wismut inali yaikulu kutalitali, koma werengerani nokha. Ndalama zikadzapereweka, adzalipira ndi mwana wa mlimi wa ku Golomoti kudzera m'misonkho, monga a ku Kabwe ku Zambia akulipirira ndi magazi a ana awo mtovu wa mgodi umene unatseka mu 1994.

Ndipo amigodi akubwera kuno. Mchenga wakuda wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Makanjira, ukukopa makampani, ndipo mchenga wotere umakhala ndi monazite, mwala wokhala ndi thorium, nayonso yotulutsa cheza. Miyala ya ku Kanyika ku Mzimba ili ndi yureniyamu. Tsiku lina galimoto zoyera zidzaima pabwalo la mfumu ndi mapepala a m'Chingerezi ndi lonjezo la mjigo.

Mafumu athu, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anatisonyeza kuti mfumu ikhoza kukana, ikhozanso kuimitsa nyakwawa zovomereza zoipa. Musadinde chala pa pepala limene simunawerengeredwe m'Chichewa. Inu aphungu, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ligwiritseni ntchito, itanani a AERA, a bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndi a Unduna wa Zamigodi ku Nyumba ya Malamulo. Apatseni ndalama zogulira zipangizo zawozawo, atunge okha madzi a mu Sere ndi North Rukuru mwezi ndi mwezi, osakwera galimoto ya kampani, osadya nkhomaliro ya kampani. Zimene apeza azipachike pachipatala cha Karonga m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, aziwerenge pawailesi m'Chichewa, ndipo aliyense wolowa mumgodimo apatsidwe pepala la manambala ake, apite nalo kwawo.