Ulendo wa ku Nyika pa njinga zamoto

Takhala tikukumana Lamlungu lililonse masana pakhonde la m'bale wina ku Area 47, amuna asanu a mumpingo mwathu, mapu ali pathebulo. Nkhani yake ndi imodzi: tikufuna kupita ku Nyika pa njinga zamoto mwezi wa Seputembala. Tonse tili ndi njinga zazing'ono zimene timayendera kuntchito, wina ku City Centre, ena ku Old Town, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene anapitirirapo Kasungu pa njinga. Amayi a m'nyumba zathu atamva, funso lawo linali lakuti, "Nanga mukagwa kumeneko adzakutolani ndani?" Sitinaseke, chifukwa ena mwa ife timayendera odwala ku Kamuzu Central ndipo timaona mmene anyamata a kabaza ndi okwera awo agonera m'mawodi, miyendo ili m'zikhakha.

Kwa amene simukudziwa, Nyika ndi malo osungirako nyama aakulu kuposa onse m'Malawi muno, okwana masikweya kilomita pafupifupi 3,200, ndipo anakhazikitsidwa mu 1965. Ndi mapiri a udzu osatha, kumene mbidzi, ntchefu ndi chilembwe zimadya poyera ngati ng'ombe. Malo ogona alendo a Chelinda ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, pamene Lilongwe ali chapamwamba pang'ono pa 1,000. Kusiyana kumeneku thupi limakumva.

Mkangano woyamba unali wa masiku. Mng'ono wathu wina, yemwe magazi akadali otentha, anati tikanyamuka 4 koloko m'bandakucha tikagona ku Chelinda tsiku lomwelo. Tinakhala pansi n'kuwerengera. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu pa msewu wa M1, kudzera ku Mponela, Kasungu, Jenda ndi Chikangawa, ndi makilomita pafupifupi 360. Kuchoka ku Mzuzu kudzera ku Ekwendeni kukafika pa boma la Rumphi ndi ena pafupifupi 70. Kenako mumadutsa Bolero kukafika pa chipata cha Thazima, makilomita oposa 50, ndipo kuchoka pachipatapo kukafika ku Chelinda ndi enanso 60. Chigawo chotsirizachi mbali yaikulu ndi msewu wadothi, wokwera, wa miyala ndi mabampu, moti makilomita 60 amatha kudya maola awiri kapena atatu. Ndiye kuti munthu angafike pamalo ovuta kwambiri atakhala kale pa chishalo maola khumi, manja atachita dzanzi, maso atalema, dzuwa likulowa. Maganizo a tsiku limodzi tinawakana onse, ngakhale mwini wake anavomera monyinyirika.

Kutopa ndiye mdani amene tikumuopa kuposa nyalugwe wa ku Nyika. Munthu wotopa sadziwa kuti watopa. Amangoyamba kuona dzenje mochedwa, kuiwala kuyang'ana pagalasi, kulowa pakona mothamanga. Tagwirizana kuti tiziima pakatha ola limodzi ndi theka, kutsika, kuyenda pang'ono, kuwongola msana ndi kumwa madzi, kaya wina akumva ludzu kaya ayi. Pa njinga mphepo imaumitsa thukuta msanga, ndiye munthu amataya madzi osazindikira, ndipo mutu ukayamba kuwawa amati ndi chisoti chathina. Za zakumwa zija zimene amati zimapatsa mphamvu, zimene madalaivala ambiri amadalira usiku, pakati pathu palibe. Zimabisa tulo kwa kanthawi, koma thupi limadzaitanitsa ngongole yake pamalo amene silinakuuzeni. Tulo timachizidwa ndi kugona basi. Kamba wathu adzakhala mtedza wokazinga, nthochi, mbatata yophika ndi chigumu. Nsima yambiri masana tidzaipewa, chifukwa tonse tikudziwa zimene imachita 2 koloko ikakwana.

Mkangano wachiwiri unali wa Sabata, ndipo apa mpamene tinachedwapo. Poyamba tinakonza zoti tinyamuke Lamlungu, tigone ku Mzuzu, Lolemba tikwere ku Chelinda, tikhaleko masiku awiri athunthu, Lachinayi titsikire ku Mzuzu, Lachisanu tibwerere ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Papepala zinkaoneka bwino. Koma mkulu wampingo amene tili naye m'gululi anafunsa kuti, "Abale, tayala likaphulika ku Jenda 2 koloko masana Lachisanu, mudzatani?" Tonse tinadziwa yankho loona. Tidzakonza mofulumira, kenako tidzathamanga kupikisana ndi dzuwa, lomwe mu Seputembala limalowa 6 koloko isanakwane. Tidzafika pa Lumbadzi ndi Kanengo nthawi imene magalimoto achuluka, tili otopa, mtima uli pa wotchi. Kufuna kusunga Sabata kukanatisandutsa oyendetsa oopsa. Choncho tachotsa tsiku limodzi la ku Nyika: tidzatsika Lachitatu, tidzafika kwathu Lachinayi, ndipo Lachisanu lidzakhala lapadera loyembekezera zovuta. Zikadzavuta kwambiri, tidzapembedza ndi abale a ku Mzuzu kapena ku Kasungu n'kupitiriza Lamlungu. Mabanja athu tawauziratu zimenezi kuti asadzadabwe.

Tasankha Seputembala chifukwa cha nyengo. Nthawi ya dzinja Nyika imakongola ndi maluwa, ndipo kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa otchedwa orchid, koma msewu umasanduka matope oterera omwe njinga zathu sizingawathe. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu m'mamawa. Ngakhale mu Seputembala usiku wa ku Chelinda si wa masewera, ndipo Chikangawa nayo imakhala ndi nkhungu ndi chisanu, kuphatikizapo malole onyamula matabwa. Mphepo ya pa njinga imachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mmene munthu woyenda pansi angaganizire. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mokoka lilime, kapena kulephera kumanga zipi, musamulole kukweranso. Muvuleni zonyowa, mufunditseni, mumpatse chakumwa chotentha. Zovala zingapo zopyapyala zovalirana zimafunda kuposa chijasi chimodzi, ndipo pamwamba pakhale chotchinga mphepo. Magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo tinakazipeza pa kaunjika mu msika waukulu, pamtengo woti munthu sangadandaule.

Chisoti ndiye ayi, musagule cha kaunjika chimene simukudziwa mbiri yake. Chisoti chimene chinamenyekapo pansi chimatha kuoneka chabwino kunja pamene m'kati chinaphwanyika kale. Chikhale chobisa chibwano, chokukwanani, ndipo lamba wake amangidwe. Mmodzi mwa ife ankayenda nacho chili chongokhazika pamutu ngati chipewa cha kumunda, ndipo tamuuza kuti akapanda kusintha atsala. Tabwerezanso pamodzi za chithandizo choyamba: munthu akagwa, musathamangire kumudzutsa kapena kumuvula chisoti ngati akupuma bwino, chifukwa khosi likhoza kukhala litathyoka. Gwirani mutu kuti usagwedezeke, tsindikani pamene pakutuluka magazi ndi nsalu yoyera, ndipo wina akafune thandizo. M'kachikwama kathu muli mabandeji, magolovesi a pulasitiki, Thanzi ORS ndi panado. M'bale wathu wa BP adzanyamula mankhwala a masiku owirikiza kawiri, theka m'thumba mwake, theka m'chikwama cha mnzake.

Pali matenda awiri oti tiwatchule. Pamwamba pa Nyika udzudzu ndi wochepa, koma ku Rumphi ndi m'njira ulipo, ndiye neti tinyamula. Ena amafuna kupatukira ku Vwaza Marsh kukaona njovu ndi mvuu, popeza ndi pafupi. Kumeneko kuli ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa kaodzera, ndipo zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu komanso zinthu zoyenda. Munthu akatentha thupi atabwerako, auze adokotala kumene anapita, asangomwa mankhwala a malungo n'kukhala.

Za njinga zenizenizo tidutsa mwachangu, popeza amakanika akudziwa kuposa ife: matayala, mabuleki, tcheni, oilo ndi magetsi zionedwe sabata ziwiri ulendo usanafike. Machubu, pampu, zigamba ndi mapulagi tagula kale m'mashopu a ku Malangalanga. Laisensi ndi inshuwalansi zikhale m'thumba, chifukwa pa Jenda pali rodibuloko. Mafuta omaliza odalirika ndi a pa Rumphi, ndipo kupita ku Chelinda n'kubwerera ndi makilomita oposa 220, osawerengera kuzungulira m'pakimo. Pokwera phiri njinga imamwa kwambiri, ndiye aliyense ayeze yekha makilomita amene thanki yake imatha. Kugula petulo m'zigubu nthawi zina kumafuna chilolezo cha MERA, choncho mlembi wathu akafunsa zimenezi, komanso akafika ku ofesi ya nthambi yoona za nyama zakutchire kukatsimikiza za malipiro a pachipata, nthawi yotsekera ndi malamulo okhudza njinga zamoto.

Netiweki kumtundako ndi yosadalirika, motero amayi aliyense tamusiyira pepala la malo amene tidzagone usiku uliwonse, ndi tsiku loti akapanda kumva za ife ayambe kufunsa. Tikuphunziranso kupereka moni m'Chitumbuka, "Monire" ndi "Yewo", pakuti tayala likadzaphulika kupitirira Bolero, otithandiza adzakhala eni mudzi. Lamlungu likubwerali tikuyesa njinga ndi misana yathu: tipita ku Dedza n'kubwerera, katundu yense atamangidwa kumbuyo.