Khanda likakomoka, njira yoperekera mankhwala ndi nkhani ya moyo

Zipinda zoberekeramo zikumangidwa m'makiliniki ambiri ndi ndalama za CDF, ndipo mu 2022 boma linalemba ntchito anthu azaumoyo oposa 11,000. Izi n'zoyamikika. Koma ku Petauke ndi ku Nyimba funso lina likufunika yankho: kodi khanda likakomoka usiku, mankhwala alowa bwanji m'thupi mwake?

Kukomoka kwa mwana wa masiku osakwana 28 kumabwera kawirikawiri chifukwa chobanika pobadwa, kuchepa kwa shuga m'magazi kapena matenda oumitsa khosi. Nthawi zina sikuoneka bwino: kamwa imangotafuna, maso atong'oka, kamwendo kakugwedezeka kosaleka. Kukapitirira, ubongo umawonongeka.

Bungwe la WHO limalangiza kuyamba ndi phenobarbital, mamiligiramu 20 pa kilogiramu iliyonse ya kulemera kwa mwana. Njira yabwino koposa ndi ya mumtsempha, chifukwa mankhwala amafika msanga ku ubongo. Komabe amaperekedwa pang'onopang'ono, kwa mphindi pafupifupi 15, namwino akuyang'anira kapumidwe, popeza akathamangitsidwa angathe kuimitsa mpweya. Mtsempha wa khanda ndi wochepa ngati ulusi, ndipo kuupeza kumafuna luso ndi kuwala kokwanira. Ukalephera kupezeka, jakisoni wa pantchafu amaloledwa. Amachedwerapo kugwira, koma amapatsa mwana mpata wofika ku chipatala chachikulu. Njira ya pakamwa kapena ya kachubu ka m'mphuno ndiyo yochedwa kwambiri, ndipo imayenera mwana amene wakhazikika kale.

Apa ndipo mtunda umalowerera. Mayi wa kwa Luembe kapena kwa Nyalugwe, m'chigwa cha Luangwa, ali kutali ndi chipatala cha boma cha Nyimba, makamaka nthawi ya dzinja. Wa m'midzi ya Petauke ayenera kufika ku Kalindawalo General Hospital kapena ku Minga. Ngati kiliniki yoyamba ili ndi mapiritsi okha, popanda jakisoni, timasingano ta makanda ndi choyezera shuga, mwanayo amayenda ulendo wonse akukomokabe. Nyumba yatsopano payokha siletsa zimenezi.

Choncho makomiti a CDF ndi maofesi azaumoyo a m'maboma awiriwa afunsidwe: kodi chipinda chilichonse choberekeramo chili ndi phenobarbital wa jakisoni, magetsi odalirika ndi namwino wozolowera mitsempha ya makanda?

Nafenso m'mipingo tili ndi gawo lathu. Mwana amene akukomoka asamwetsedwe kanthu, kaya madzi, zitsamba kapena mapiritsi a khunyu a munthu wamkulu, chifukwa angatsamwe. Amayi a chigwirizano alimbikitse oyembekezera kukadikirira kuchipatala, ndipo akulu a mpingo adziwiretu amene angapereke galimoto kapena njinga yamoto usiku. Pemphero lichitike, koma tili kale pa ulendo wa kuchipatala.