Ofufuza za madzi a ku Mars azibwera m'kalasi ndi zikaiko zawo zomwe

Pa 28 September 2015 bungwe la NASA linaitanitsa atolankhani ku Washington n'kulengeza kuti lapeza umboni wamphamvu woti pa pulaneti ya Mars pamayenda timadzi tamchere ngakhale masiku ano. M'mawa mwake Google inaika patsamba lake loyamba chithunzi cha Mars akumwa madzi ndi kapaipi. Mlungu womwewo filimu ya The Martian inayamba kuonetsedwa. Aliyense amene anali ndi wailesi kapena foni anamva ndithu kuti ku Mars kwapezeka madzi.

Zimene zinatsatira m'zaka zitatu zotsatira anazimva ndi anthu ochepa. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale, ndipo mpaka pano ana a Folomu 3 amandiuza mosakaika kuti ku Mars kuli mitsinje chifukwa NASA inatero. Nkhani yoyamba inafika ndi ng'oma, yachiwiri inathera m'magazini a akatswiri. Maganizo anga ndi akuti ntchito yofikitsa nkhani yachiwiriyi kwa ana ndi kwa makolo awo ikuyenera anyamata ndi atsikana amene akuchita kafukufuku wa digiri ya masitazi ndi PhD, ndipo mayunivesite aziiwerengera ntchitoyi monga amawerengera mapepala a kafukufuku.

Amene anayambitsa nkhani yonseyi ndi Lujendra Ojha, mnyamata wobadwira ku Kathmandu m'dziko la Nepal. M'chaka cha 2010 anali asanatenge n'komwe digiri yoyamba pa University of Arizona. Ankathandiza gulu la Alfred McEwen, lomwe linkayendetsa kamera ya HiRISE yokwera pa chombo cha Mars Reconnaissance Orbiter, chimene chakhala chikuzungulira Mars kuyambira 2006. Kamerayi ndi yakuthwa moti kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira malo a masentimita pafupifupi 30. Ojha ankafanizira zithunzi za malo amodzimodzi zojambulidwa pa nyengo zosiyana, ndipo anaona timizere takuda totsika m'mbali mwa zigwa. Tinali topyapyala, tosapitirira mamita 5 m'lifupi. Kukafunda tinkaoneka n'kumatalika pang'onopang'ono, kukazizira tinkazilala, chaka china n'kubweranso pamalo omwewo. Zimenezi zinasindikizidwa mu magazini ya Science mu 2011.

Atapita ku Georgia Tech kukachita PhD, Ojha anafuna kudziwa chimene chili m'timizereto. Anagwiritsa ntchito chida china cha pa chombo chomwecho chotchedwa CRISM, chimene chinkazindikira mtundu wa mwala kapena mchere poona mmene ukubwezera kuwala. Panali vuto: kadontho kamodzi ka CRISM kankaphimba mamita 18, kutanthauza kuti m'lifupi monse mwa mzere munkalowa m'kadontho kamodzi n'kutsalako malo. Komabe m'malo anayi, kuphatikizapo zigwa za Hale ndi Palikir, anapeza chizindikiro cha mchere wa perchlorate wosunga chinyezi. Mchere woterewu umachititsa kuti madzi asaundane msanga, ndipo izi n'zofunika kwambiri pa pulaneti imene kuzizira kwake kumakhala cha m'ma madigiri 60 pansi pa ziro, komanso mpweya wake ndi wopepuka moti sufika gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wa dziko lathu. Onani bwino apa: madzi enieniwo sanawaone. Anaona chizindikiro cha mchere, ndipo mcherewo ndi umene unaloza ku madzi. Mitu ya nkhani inadumpha masitepe awiri onsewa.

Mu 2017 Colin Dundas wa ku US Geological Survey ndi anzake anayeza kupendekeka kwa malo amene timizere 151 timathera. Anapeza kuti pafupifupi tonse, tatitali ndi tatifupi tomwe, timaima pamalo opendekeka kuposa madigiri 27, ofanana ndi pamene mchenga wouma umalekera kutsetsereka. Pa mayina a olemba pepala limeneli panalinso la McEwen, yemwe uja anatsogolera pepala la 2011. Chaka chotsatira wophunzira winanso wa PhD, Ellen Leask wa ku Caltech, anali kufufuza perchlorate m'zithunzi za CRISM ndipo anadabwa kuti akumupeza paliponse, ngakhale m'malo amene sayenera kupezeka. Atalondola bwino anapeza kuti njira imene kompyuta inkayeretsera zithunzizo inkatha kupanga yokha chizindikiro chofanana ndi cha mchere uja. Wakutsina khutu ndi mnansi: wophunzira mmodzi anatsegula nkhani, wophunzira mnzake anaonetsa pamene panali poterera. Lero akatswiri ambiri akuganiza kuti timizereto ndi fumbi ndi mchenga wouma zimene zimatsetsereka, makamaka chifukwa tinachuluka kwambiri chitangotha chimphepo cha fumbi chimene chinakuta Mars yense mu 2018.

Mfundo ya Dundas ndi imene ndimaikonda koposa, chifukwa imatheka kuionetsa kuseri kwa kalasi popanda labotale. Ndimatuma ana kukatapa mchenga wouma m'ndowa. Mmodzi amauthira pang'onopang'ono pamalo amodzi, mulu n'kumakwera. Ukafika pena pake, m'mbali mwake mumagumuka pang'ono, mchenga n'kuima. Akawonjezera, umagumukanso n'kuima pa kupendekeka komwe kuja. Wina amaika rula pambali pa mulu, wina n'kuyeza ndi protractor, ndipo amapeza kuti kaya mulu ndi waung'ono kaya waukulu, nambala imazungulira pa madigiri 30 ndi pang'ono. Kenako timathira kapu ya madzi pamwamba. Madziwo salabadira malire aja: amatsika, n'kupitirira mpaka pansi pathyathyathya, n'kukaima pamene athera. Ndikafunsa kuti, "Nanga mzere wa ku Mars ukamaima nthawi zonse pamene mchenga umaima, mukuti wanyamula chiyani?" kalasi imayamba kukangana, ndipo mkangano umenewo ndiye phunziro la tsikulo. Mwana amene wayeza yekha muluwo sakufunikanso kukhulupirira NASA kapena ine. Ali ndi chifukwa chakechake.

Wina angafunse kuti bwanji ndikukakamira ophunzira a PhD, osati mapulofesa kapena a zofalitsa nkhani a NASA. Ofalitsa nkhani ntchito yawo ndi kukometsa, chifukwa bungwe lawo limadalira ndalama za boma chaka ndi chaka ndipo liyenera kuoneka kuti likupeza zinthu. Pulofesa amabwera ndi zimene zinapsa kale. Koma wophunzira wa kafukufuku amakhala ali m'kati mwa chikaiko tsiku lililonse. Ndi iye amene amatha usiku akuyang'ana kadontho kamodzi ka chithunzi, osadziwa ngati akuona mchere kapena phokoso la makina. Akaima kutsogolo kwa ana n'kunena kuti, "Ichi ndikuchiganizira, koma chikhoza kundikanika pa chifukwa chakutichakuti," ana amaona sayansi ikuchitika ndi munthu amene sanawasiye patali pa msinkhu. Ojha anali wachinyamata wochokera kudziko losauka, woimbanso gitala m'gulu la nyimbo za heavy metal. Mtsikana wa ku Ntchisi akamva zimenezi amadziwa kuti ntchitoyi si ya nkhalamba za ndevu zoyera zokha.

Mbiri ya Mars yomweyo imatichenjeza za kuopsa kofalitsa sayansi yopanda chikaiko. Percival Lowell anamanga malo oonera nyenyezi ku Flagstaff mu 1894, najambula mapu a ngalande zowongoka zimene ankati zinakumbidwa ndi zolengedwa zanzeru pofuna kutunga madzi kuchokera kumalo ozizira a pulanetiyo. Anali wodziwa kulemba ndi kulankhula, ndipo anthu wamba anamukhulupirira kwa zaka zambiri. Chombo cha Mariner 4 chitadutsa pafupi ndi Mars mu 1965, zithunzi zake zinaonetsa maenje okhaokha, ngalande osaoneka. Luso lofikira anthu Lowell anali nalo lochuluka. Chimene anasowa ndi chizolowezi chouza omvera ake kuti maso ake akhoza kumunamiza.

Sindikunena kuti zonse za madzi a ku Mars n'zokaikitsa. Mbali ina ya ntchito ya wofalitsa sayansi ndi kusiyanitsa zolimba ndi zogwedera, ndipo zolimba zilipo. Mu 2008 chombo cha Phoenix chinakumba kadzenje chakumpoto kwa Mars n'kupeza tizibulu toyera, ndipo patatha masiku anayi tinali titasanduka nthunzi: anali madzi oundana. Mu 2012 galimoto ya Curiosity inapeza m'chigwa cha Gale miyala ya nsangalabwi yomatirirana, yosalala monga imakhalira ikakunkhunizidwa ndi madzi mtunda wautali, ndipo akatswiri anawerengera kuti mtsinjewo unkafika pakati pa akakolo ndi m'chiuno. Pa 18 February 2021 Perseverance inatera m'chigwa cha Jezero, pamene mtsinje wakale unkathira m'nyanja n'kusiya matope ndi mchenga zoyalana. Curiosity inajambulanso mwala wokhala ndi ming'alu ya matope ouma ya zaka zoposa 3 biliyoni. Amene anaona nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995 kapena mu 2018, pansi pake patang'ambikang'ambika, akhoza kuchiwerenga chithunzi chimenecho popanda womasulira. Choncho mwana ayenera kutuluka m'kalasi akudziwa zinthu zitatu zosiyana: kalekale madzi ankayenda pa Mars, lero madzi oundana alipo ambiri, koma zoti pamwamba pake pakuyenda madzi panopa umboni wake unafooka.

Pali amene amati kuuza anthu kuti asayansi anasintha maganizo kumachepetsa chikhulupiriro chawo pa sayansi. Ine ndikuona kuti chimene chimachepetsa chikhulupiriro ndi kuwabisira kuti maganizo amasintha. Tinaziona mu 2020, malangizo a zovala zotchinga pakamwa ndi pamphuno atasintha. Anthu ambiri anangoti madokotala sadziwa chimene akunena, chifukwa kusukulu anaphunzira kuti sayansi ndi mayankho oloweza pokonzekera MSCE, ndipo yankho lolondola silisintha. Mwana amene anatsatira nkhani ya Ojha ndi Leask amadziwa kuti kusintha chifukwa cha umboni watsopano ndiye mphamvu ya ntchitoyi. Mars ndi malo abwino ophunzirira zimenezi chifukwa palibe amene ali ndi munda kumeneko, palibe chipani, palibe mpingo umene ukuluza kanthu timizere tija tikakhala mchenga.

Dandaulo lina ndi la nthawi, ndipo ili ndi lomveka. Wophunzira wa PhD amalandira kangachepe, woyang'anira wake amafuna mapepala, ndipo tsiku limene wathera kusukulu ya pulayimale palibe amene amalilemba pena paliponse. Apa mpamene mabungwe opereka ndalama ayenera kulowererapo. Ku America, National Science Foundation kuyambira 1997 imaunika pempho lililonse la ndalama za kafukufuku pa mfundo ziwiri: kulemera kwa sayansi yake, ndi phindu lake kwa anthu ena kunja kwa labotale. Ophunzira opempha thandizo la maphunziro ku bungweli amayenera kuyankha mfundo zonse ziwirizo. Njirayi ili ndi zofooka zake, pakuti ena amangolemba malonjezo okoma papepala, koma inapangitsa kuti kupita kukaphunzitsa ana kusaonekenso ngati kujomba ntchito.

Kwathu kuno tilibe chombo chopita ku Mars, koma tili ndi ophunzira a masitazi ku Zomba, ku Thyolo, ku Bunda ndi ku Mzuzu amene akuyeza madzi a m'zitsime, kusefukira kwa Shire ndi kuphwa kwa Chilwa, ena mwa iwo pogwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti zowerengedwa mofanana ndi mmene Ojha ankawerengera zake. Ambiri akamaliza, buku lawo limakagona pa shelefu ya laibulale, anthu a m'midzi imene anatungamo madzi oyeza osamvako kanthu. Ndikupempha makomiti a maphunziro apamwamba m'mayunivesite athu, pamodzi ndi National Commission for Science and Technology, kuti aike lamulo losavuta: wophunzira asanalandire digiri ya kafukufuku, akaime kamodzi pasukulu ya sekondale yapafupi, afotokoze m'chinenero cha anawo chimene anapeza, mmene anachipezera, ndi chimene chingadzaonetse kuti analakwitsa. Ndalama ya minibasi ndi yosindikizira zithunzi zingapo ilowe mu bajeti ya kafukufukuyo kuyambira pachiyambi.

Aphunzitsi anzanga, ife tisadikire lamulolo. Zithunzi za HiRISE zili pa intaneti ulere, ndipo kuyambira 2010 gulu la ku Arizona limalola munthu aliyense kupempha malo a pa Mars amene akufuna kuti kamera ijambule, kudzera mu pulogalamu ya HiWish. Sindikizani zithunzi ziwiri za chigwa chimodzi, china cha nyengo yofunda china cha yozizira, muziike pa bolodi, ndipo musawauze ana yankho. Afunseni chimene chasintha, chimene akuganiza kuti chachititsa, ndi chimene angayeze kuti adziwe ngati akunena zoona.