Rock si katundu wobwera ndi alendo a kunyanja

Pali mawu akuyenda pa WhatsApp, ndipo afika mpaka pa siteji ya minibasi pa Makokola. Akuti nyimbo za rock ndi za azungu, zinabwera ndi alendo odzagona pamchenga, ndipo mwana wa kuno akaliza gitala yamagetsi mosasa mawu ndiye kuti wataya mtundu. Ife tikukana.

Komwe maganizowa achokera tikukudziwa. Chikondwerero cha Lake of Stars chitasamukira ku Nkopola, ambiri a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anamva rock koyamba ali kunja kwa mpanda, akugulitsa ziboliboli ndi chambo chowotcha, oyimba ake ali magulu a ku Britain monga Foals. Wongomvera pamenepo sangalakwe kuganiza kuti nyimbozi zinatsika ndi ndege.

Koma funsani achikulire a ku Lusaka za Paul Ngozi. Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, wobadwa mu 1949. Ankaliza gitala ngati mavu atsekeredwa m'chitini, akafika pachimake n'kuikweza kukamwa, nsambo n'kumazikoka ndi mano. Ndi gulu lake la Ngozi Family, Chrissy Zebby Tembo ali pa ng'oma, anatulutsa chimbale cha Day of Judgement mu 1976, kenaka 45,000 Volts mu 1977. Panthawiyo boma la Kenneth Kaunda linali litalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, choncho Zamrock, rock ya ku Zambia, inamveka m'nyumba iliyonse yokhala ndi mabatire.

Inde, Ngozi anamvera Jimi Hendrix, ndipo sanabise. Nanga Hendrixyo anali mzungu? Chuck Berry nanga? Tisataye nthawi pamenepo. Chachikulu n'chakuti Ngozi ankaimba m'Chinyanja, chilankhulo chomwe tikulembera pano, za njala, mowa ndi mabanja a m'komboni. Wotsanzira saimba choncho. Amaimba za misewu ya ku London imene sanaipondepo.

Chimene chinazimitsa nyimbozi si kusowa mizu ayi. Mtengo wa kopa unagwa, anthu anasowa ndalama yogulira zimbale, malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka malo ovinira, kenaka Edzi inalowa pakati pa oyimba. Ngozi anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ife oyandikana nawo tinamuiwala msanga, mpaka kampani ya ku America ya Now-Again inachita kudzatikumbutsa potulutsanso zimbale zake.

Mu 2024 woimba Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi, ya mu 45,000 Volts, n'kumangirapo nyimbo yake ya Noid. Mnyamata wa pa Makokola amene ali nayo m'foni aikweze pang'ono, agogo ake atchere khutu. Mawu a Chingerezi awapitirira, koma akangolowa Ngozi amva zimene akunena.