Box 48 ndi mwana wa ku Nsipe

Kwathu ku Nsipe, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka n'kumveka kuti mnyamata wasankhidwira ku Dedza Government Secondary School, nthungululu zimamveka mpaka kumsewu wa M1. M'pomveka. Sukuluyi, imene ambiri amangoitchula kuti Box 48 potengera bokosi lake la makalata, idatsegulidwa mu 1951 m'tsinde mwa phiri la Dedza. Ndiyo sekondale yoyamba imene boma la atsamunda lidamanga lokha, zitatsogola Blantyre Secondary mu 1940 ndi Zomba Catholic mu 1942, zomwe zidayambitsidwa ndi amishoni. M'makalasi mwake mudadutsa Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter, onse n'kudzalamula dziko lino. Koma mbiri yokha siphunzitsa mwana. Wathu akakwera minibasi, sutikesi ndi thumba la chimanga chokazinga m'manja, kudutsa pa Lizulu kupita kozizirako, akufuna akapeze mabuku, labotale ndi aphunzitsi okwanira. Inu amene mudaphunzira pa Box 48, bwererani mukaithandize, chifukwa ana athu akuidalirabe.